Tchire la Kuchigwa cha Shire: Mmene Moto, Nkhwangwa, Khasu ndi Ziweto Zimasinthira Kaboni ndi Madzi

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anamiza midzi ndi minda ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Dzinja lotsatira mvula inadula pakatikati, chimanga n'kupserera chisanamasule, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Nthaka imene inalephera kumeza madzi chaka choyambacho ndi yomweyo inalephera kuwasunga chaka chachiwiri. Pawailesi ndi m'misonkhano ya alangizi uthenga umamveka umodzimodzi: mitengo yatha, dzalani mitengo, lekani kutentha tchire. Tsopano pabweranso nkhani ina, yakuti tchire lathu lili ndi kaboni amene angathe kugulitsidwa kunja. Anthu akufunsa, ndipo ali ndi chifukwa chofunsira. Kaboni ameneyu ali pati? Akukhudzana bwanji ndi madzi a pamjigo? Nanga moto ndi ng'ombe, zomwe makolo anakhala nazo kuyambira kalekale, zinayamba liti kukhala vuto?

Tchire limeneli ndi lotani

Mukatsika phiri kuchokera ku Blantyre, kudutsa pa Thabwa n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, mumalowa m'dera la udzu ndi mitengo yotalikirana: milambe, tsanya, nsangu, masawu, bwemba, migwalangwa ndi mitengo yaminga. Akatswiri amatchula tchire lotere kuti savana. Ndi malo amene udzu umayala pansi ponse, mitengo ilipo koma nthambi zake sizikumana n'kutchinga dzuwa, ndipo chaka chimagawika pawiri, dzinja lalifupi ndi chilimwe chachitali. Tchire lotere limatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a mtunda wonse wa dziko lapansi.

Savana si nkhalango yowonongeka, ngakhale ambiri amaiona choncho. Udzu wake, mitengo ya makungwa okhuthala ndi nyama zodya msipu zakhala pamodzi ndi moto kwa zaka mamiliyoni. Kafukufuku wa 2005 amene anayeza malo opitirira 800 mu Africa anapeza malire ochititsa chidwi. Kumene mvula siposa mamilimita pafupifupi 650 pachaka, chimene chimaletsa mitengo kuthithikana ndi kuchepa kwa madzi. Kumene imaposa pamenepo, mitengo ikhoza kutseka malo onse, koma moto ndi nyama ndizo zimaibweza m'mbuyo. Madera ambiri a kuchigwa cha Shire amalandira mamilimita a pakati pa 600 ndi 800. Tili pamalire penipeni. N'chifukwa chake pamtunda waufupi mumatha kuona ziyangoyango zowirira za ku Lengwe, nkhalango ya Khulubvi imene miyambo ya Mbona inaiteteza ku nkhwangwa, kenako bwalo la fumbi lopanda ngakhale tsinde la udzu, zonse pansi pa thambo limodzi. Mvula yokha singafotokoze kusiyana kumeneku. Nthaka ili ndi gawo lake, koma zambiri zimatengera chimene chachitika pamalopo.

Kaboni ali pati

Kaboni ndi chinthu chimene chimamanga matupi a zamoyo zonse. Chakuda chimene mumachiona m'makala ndi iyeyo. Mukaumitsa nkhuni, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi kaboni. Mumlengalenga amapezeka ngati mpweya wa kaboni dayokosaidi, womwe umasunga kutentha. Mafakitale asanachuluke, mpweya umenewu unali magawo pafupifupi 280 pa magawo 1 miliyoni a mpweya wonse. Lero wapitirira 420, ndipo chifukwa chachikulu ndi malasha, mafuta ndi gasi zotenthedwa makamaka m'mayiko a mafakitale ambiri, kudula mitengo kukubwera pambuyo.

Ganizirani za nkhokwe. Dzinja lililonse masamba amatenga mpweya uja, mothandizidwa ndi dzuwa, n'kuusandutsa shuga, udzu, mizu ndi thunthu. Kumeneko ndi kututa, kulowetsa m'nkhokwe. Koma nkhokwe imatapidwanso tsiku ndi tsiku: zomera zimapuma, ng'ombe zimadya, chiswe chimadya, tizilombo tosaoneka ta m'nthaka timawoletsa zinyalala, ndipo moto umatapa kamodzi n'kamodzi. Funso loona si lakuti "kodi kaboni akutuluka?" pakuti amatuluka nthawi zonse. Funso ndi lakuti, pakapita zaka 10 kapena 20, mulingo wa m'nkhokwemo ukukwera kapena ukutsika?

Kusiyana kwa savana ndi nkhalango zowirira za ku Congo n'kwakuti gawo lalikulu la nkhokwe yake lili pansi. Udzu umatumiza chakudya chochuluka ku mizu, ndipo mizu yambiri imafa chaka ndi chaka, n'kusanduka chonde chakuda chija chomwe mlimi amachizindikira akangotapa dothi m'manja. Mitengo nayo imabisa nkhuni zambiri m'mizu ndi m'zitsa. Pamalo ambiri a savana, kaboni wa m'nthaka amaposa yense amene maso akuona pamwamba. Choncho munthu wowerenga mitengo yokha amasiya gawo lalikulu la nkhani.

Pamene kaboni ndi madzi zimakumana

Pa tsamba lililonse pali timabowo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Tikatseguka, mpweya wa kaboni umalowa, koma nthawi yomweyo madzi amatuluka ngati nthunzi. Chomera sichingalowetse chimodzi popanda kutaya chinzake. Kuti thonje, mpunga kapena mtengo upange kilogalamu imodzi ya thupi louma, umataya malita 500 a madzi kapena kuposa. Udzu wa kumalo otentha, limodzi ndi mapira, mchewere, chimanga ndi nzimbe, uli ndi njira ina yogwirira mpweyawo, ndipo umataya pafupifupi theka la madzi amenewo. Makolo a Chimang'anja ndi a Chisena podalira mapira ndi mchewere sanasankhe mwangozi.

Mitengo ya kuno ili ndi nzeru zake. Tsanya amapinda masamba ake dzuwa likaswa mtengo, kuti asataye madzi ambiri, kenako amawayoyola m'chilimwe. Mlambe umasunga madzi m'thunthu. Nsangu umachita zosemphana ndi yonse: umayoyola masamba m'dzinja, pamene mbewu zikufuna dzuwa, n'kuphukira m'chilimwe pomwa madzi akuya.

Pansi napo mgwirizano ndi womwewo. Chonde chimamata tinthu ta dothi kukhala timibulu, ndipo pakati pa timibuluto pamatsala mipata. Mizu yakufa, chiswe ndi nyongolotsi zimasiya timayenje. M'mipata ndi m'timayenje timeneti ndi mmene mvula imalowera. Kaboni wa m'nthaka akachepa, mipata imatsekeka. Ichi ndicho chifukwa chake kusefukira kwa madzi ndi kuuma msanga kwa munda nthawi zambiri zimachokera pa muzu umodzi.

Tiyeni tiwerengeko pang'ono. Milimita imodzi ya mvula pa hekitala imodzi ndi malita 10,000. Mamilimita 700 ndi malita 7 miliyoni pa hekitala. Madzi amenewa ali ndi njira zochepa zopitira: ena amathamanga pamwamba kupita kumtsinje, ena amauma kuchokera pa dothi lovula, ena amadutsa m'zomera n'kusiya kaboni m'mbuyo, ndipo otsala, omwe kuno amakhala ochepa kwambiri, amatsikira pansi kukadzaza zitsime. Ndi kutentha kofika madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa la kuchigwa likhoza kuumitsa madzi oposa kawiri mvula imene imagwa. Mlimi sangawonjezere mvula. Chomwe kagwiritsidwe ntchito ka malo kamasintha ndi kagawidwe kake pa njira zimenezi.

Moto: funso ndi lakuti liti, ndiponso kangati

Apa m'pamene pali chisokonezo chachikulu. Malo ambiri amene amapsa padziko lonse chaka chilichonse ali mu Africa, ndipo ambiri mwa iwo ndi savana. Utsi wake ndi wochuluka, komabe moto wa udzu susiya ngongole ya kaboni ngati mafuta a galimoto. Udzu umene wapsa mu Ogasiti unatenga kaboni wake mumlengalenga dzinja lapitalo, ndipo msipu wa dzinja likudzalo udzamutenganso. Ukanapanda kupsa, wambiri ukanadyedwa ndi chiswe kapena kuwola, kaboni n'kubwerera mumlengalenga ndithu, koma pang'onopang'ono. Kutentha kwa moto wa udzu sikulowanso kwambiri pansi. Mizu ndi zitsa zimapulumuka.

Izi sizikutanthauza kuti moto uliwonse ndi wofanana. Wa mu Meyi kapena Juni umapeza udzu usanaumitsitse, usiku kukuzizira ndipo mame akugwa. Umayenda mwaulesi, kudumpha malo ena, n'kuzima wokha. Wa mu Okutobala umapeza zonse zili gwa, mphepo ikuwomba. Malawi ake amafika m'nthambi, amapha mphukira, amanyeketsa zipika ndi zinyalala zonse mpaka dothi kutsala lovula. Ku Ndola m'dziko la Zambia anayamba kuyesa zimenezi mu 1933. Malo otenthedwa mochedwa chaka ndi chaka anataya mitengo yambiri ikuluikulu, pomwe otenthedwa msanga anasunga nkhalango yake pafupifupi ngati malo osatenthedwa konse. Kumeneko mvula ndi yambiri kuposa ya kuno ndipo mitengo yake ndi ina, koma chifukwa chake chimagwira ntchito kulikonse: mtengo waung'ono umafuna zaka zingapo zopuma kuti utalike kupitirira malawi. Ukamapsa chaka chilichonse umangokhala chitsamba, kuphukira n'kupsa, kuphukira n'kupsa.

Nanga kuletseratu moto? Ku Kruger National Park ku South Africa kuli malo oyeserera amene anakhazikitsidwa mu 1954, ena otenthedwa kawirikawiri, ena osatenthedwa n'komwe. Patapita zaka zopitirira 60, malo osatenthedwa anali ndi kaboni wochulukirapo, koma osati mochuluka monga ambiri ankayembekezera, ndipo wowonjezekayo anali makamaka m'mitengo osati m'nthaka. Palinso choopsa china: udzu wosonkhana zaka zingapo ukadzagwira moto mwangozi, motowo umakhala waukali kuposa onse.

Chimene moto wa mochedwa umawononga kwambiri kuno, mwa kuona kwanga, ndi madzi. Chizimalupsa ndi mvula zoyamba zimabwera ndi madontho akuluakulu ndi mphepo. Zikagwa pa lupsa, madonthowo amaswa timibulu ta dothi, fumbi lake n'kumata pamwamba. Dzuwa likawala, pamwambapo pamauma n'kulimba, ndipo mvula yachiwiri imangotsetsereka, itanyamula phulusa ndi chonde. Moto umauluzanso nayitrojeni, chakudya chija chimene timagula mu feteleza wa yuleya; phulusa limasunga michere ina, koma nayitrojeni wambiri amapita ndi utsi. Mu utsimo mumakhalanso metheni, mpweya umene umatenthetsa dziko mwamphamvu kuposa kaboni dayokosaidi ndipo msipu watsopano suubweza.

Otentha tchire ali ndi zifukwa zawo zomveka: kusaka mbewa, kufuna msipu wanthete wa ng'ombe, kuchepetsa nkhupakupa ndi njoka, kusosa munda mwachangu. Mapesi a thonje amazulidwa n'kuwonongedwa pofuna kudula mzere wa mbozi. Kukambirana kwa phindu kumayambira pa mwezi wotenthera ndi malo oyenera kupumitsidwa, osati pa kuuza anthu kuti moto wonse ndi mlandu.

Nkhwangwa ndi khasu

Mabanja opitirira 9 mwa 10 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo matumba amene amakwera phiri kupita ku Blantyre akuyankha njala ya moto ya m'tauni. Tsanya amakondedwa chifukwa ndi wolemera ndipo makala ake amakhalitsa. Uvuni wokwirira ndi dothi umadya makilogalamu 5 mpaka 10 a nkhuni kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala. Kunena kwina, kaboni woposa theka amathawira mu utsi makala asanafike n'komwe pa mbaula.

Komabe kudula ndi kuzula n'zosiyana kwambiri. Tsanya ndi mitengo ina yambiri ya savana ikadulidwa imaphukira pachitsa, ndipo popeza mizu ili kale pansi, imakula msanga kuposa mbande ya m'chubu. Malo odulidwa akapatsidwa mpata, nkhokwe ija imayambanso kudzaza. Chimene chimapha tchire ndi mndandanda wake: nkhwangwa, kenako moto wa Okutobala pa mphukira, kenako mbuzi, kenako kukumba zitsa pamene nkhuni zasowa.

Khasu ndi pulawo zimafika pomwe moto sufika. Kutembenuza dothi kumaswa timibulu tija n'kulowetsa mpweya, ndipo tizilombo ta m'nthaka timapeza chonde chimene chinali chobisika. M'dera lotentha ngati lino timadya mwachangu. M'madera ambiri otentha, munda watsopano umataya gawo limodzi mwa magawo 4, nthawi zina mpaka theka, la kaboni wa m'dothi lapamwamba m'zaka zoyambirira za ulimi. Zokolola zabwino za mphanje zimachokera pamenepo: mlimi akudya chonde chimene tchire linasonkhanitsa. Mbewu za chaka chimodzi zili ndi mizu yaifupi, zimakhala m'munda miyezi 4 kapena 5, ndipo mapesi akapita kukhola kapena kumoto, zobwerera m'nthaka zimachepa.

Ulimi wa mleranthaka, wosagaula, wophimbira ndi mapesi ndi kusinthanitsa mbewu, umayesa kubweza zimenezi. Phindu lake pa madzi ndi lodalirika: dothi lophimbidwa limazizira, silimatika pamwamba, ndipo limapirira ng'amba ya masabata awiri bwino kuposa lovula. Pa kaboni phindu limabwera pang'onopang'ono ndipo ndi laling'ono kuposa mmene ena amalilengezera. Kuchigwa kulinso zopinga zake. Ng'ombe zikamasulidwa pambuyo pokolola, mapesi ndiwo chakudya chake. Chiswe chimamaliza otsala. Ndipo pa dothi la makande nkhani ndi ina: limang'aluka m'chilimwe, mvula yoyamba imalowa m'ming'alu, koma likafufuma limatsekeka, madzi n'kudikha. Pamenepo vuto la mlimi nthawi zina ndi kutulutsa madzi, osati kuwasunga.

Ziboda ndi minyanga

Msipu wodyedwa mwa muyeso umaphukira, ndowe zimabweza chonde, ndipo udzu wochepa umatanthauza moto wofooka. Vuto limayamba ziweto zikamabwerera pamalo amodzi udzu usanapume, monga kuzungulira mijigo, madibi ndi njira zopita kumtsinje. Udzu wokhalitsa umafa, ziboda zimapondereza dothi, ndipo njira ya ng'ombe imasanduka ngalande, kenako chigwembe. Chodabwitsa n'chakuti malo odyetsedwa mopitirira nthawi zina amadzaza zitsamba zaminga, poti moto ulibe udzu woyendapo. Pachithunzi cha setilaiti pamaoneka pobiriwira, koma mwini ng'ombe wataya msipu.

Njovu zimagwira ntchito yofanana ndi nkhwangwa. Ku Majete, komwe bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2003, njovu zinabwezeretsedwa n'kuswana bwino, moti mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 za ku Liwonde ndi Majete zinasamutsidwira ku Nkhotakota. Zimagwetsa mitengo, kutsegula mpata wa udzu. Ngakhale malo otetezedwa sakhala chiimire.

Kodi mitengo yambiri ndiye madzi ambiri?

Pamapiri otsetsereka a Thyolo, Mwanza ndi Matandwe, mitengo ndi udzu zimagwira dothi ndi kuchedwetsa madzi. Izi n'zosakayikitsa. Zikachoka, mvula imafika kumtsinje mwachangu, itasenza mchenga. Mchengawo umakwirira mitsinje ngati Mwanza ndi Ruo ikafika pa chigwa chathyathyathya, mtsinje n'kukhala wosaya, ndipo madzi amene kale akanakwana m'khwawa amasefukira m'midzi. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake n'kudula dera la Makhanga. Matope otere, ochokera kumtunda kwa Shire, amavutitsanso malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Koma tisalonjeze zoposa zomwe mitengo ingachite. Nthaka ikakhuta, mvula yonse yotsatira imathamanga, kaya pali nkhalango kaya palibe. Namondwe wa Ana, amene anagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022 n'kuzimitsa magetsi a mamegawati pafupifupi 130, kapena Freddy, akanasefukiza Shire ngakhale mapiri onse akanakhala obiriwira. Zomera zimachepetsa kwambiri kusefukira kwa zaka wamba, ndiponso kuchuluka kwa matope ndi zigumukire.

Mbali ina ya nkhani imene simveka kawirikawiri ndi iyi: mitengo imamwa madzi. Ku South Africa anayeza kwa zaka zambiri n'kupeza kuti mapiri a udzu akadzalidwa paini kapena bulugamu mothithikana, mitsinje imachepa. Mu 1995 dzikolo linayambitsa ntchito yotchedwa Working for Water yochotsa mitengo yachilendo yofalikira m'mbali mwa mitsinje. Ku Burkina Faso, dera louma lofananako ndi lathu, kafukufuku wa 2016 anapeza kuti madzi otsikira pansi amachuluka kwambiri pamene mitengo ili yotalikirana mwapakatikati. Popanda mitengo, dothi limalimba ndipo madzi salowa. Mitengo ikathithikana, madzi amalowa koma mizu imamwa ambiri mwa iwo. Pakati m'pamene zitsime zimapindula, chifukwa mizu ndi chiswe zimafewetsa dothi mpaka kupitirira mthunzi wa mtengowo.

Choncho pulogalamu yofuna kaboni wochuluka pa hekitala ikhoza kusemphana ndi mudzi wofuna madzi ndi msipu. Malawi analonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Kuchigwa, kubwezeretsa kungatanthauze nsangu ndi masawu otalikirana m'minda, zitsa zolereredwa, udzu wa vetiva pa akalozera ndi mabango m'mphepete mwa mitsinje, osati mizere ya bulugamu yokha.

Dambo, mthirira ndi mchere

Dothi lokokoloka kumtunda silisowa. Lambiri limakathera m'dambo la Elephant Marsh, lomwe mu 2017 linalowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, ndi la Ndindi kumunsi kwa Nsanje. M'madzi mulibe mpweya wa okosijeni wokwanira, choncho zomera zakufa zimawola mochedwa ndipo kaboni amasungika m'matope, ngakhale dambo limatulutsanso metheni. Limalandira madzi osefukira n'kuwatulutsa pang'onopang'ono, ndipo chinyezi chake ndicho chimadyetsa madimba a chimanga ndi mbatata m'chilimwe, nsomba, msipu wa Okutobala, ngakhale nyika imene anthu amakumba njala ikavuta. Dambo likaumitsidwa n'kugaulidwa, kaboni wosungika uja amawola msanga.

Mthirira umasintha masamu onse. Nzimbe za ku Nchalo, Kasinthula ndi Phata zimabiriwira chaka chonse, zimagwira kaboni wochuluka pa hekitala, koma zimafuna madzi a mamilimita 1,500 kapena kuposa, kawiri mvula ya kuno, ndipo kaboni wake ambiri amabwerera mumlengalenga chaka chomwecho potentha masamba, pofakitale ndi m'kapu ya tiyi. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yotapa madzi ku Kapichira, ikulinga kuthirira mahekitala opitirira 40,000. Kwa dera limene mvula imanamiza chaka ndi chaka, chiyembekezo chake n'chachikulu. Chofunika kuchiyang'anira ndi mchere. Aliyense amene anamwapo madzi a mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje akudziwa kuti pansi pali mchere. Kuthirira kopanda ngalande zotulutsira madzi kumakweza madzi apansiwo kufika kumizu. Ngakhale madzi abwino amasiya kanthu: mwachitsanzo, ngati lita iliyonse ili ndi magalamu 0.2 a mchere, kuthira mamilimita 1,000 kumabweretsa matani 2 pa hekitala pachaka, ndipo dzuwa limatenga madzi okha. Mcherewo uyenera kutsukidwa n'kutuluka, apo ayi munda umayera pamwamba n'kuleka kubereka.

Nanga malonda a kaboni?

Chogulitsidwa si dothi kapena mpweya wa m'botolo. Ndi chikalata chotsimikiza kuti tani imodzi ya kaboni dayokosaidi yachotsedwa mumlengalenga kapena yaletsedwa kulowamo. Tani imodzi ya kaboni wa m'mtengo imafanana ndi matani pafupifupi 3.7 a mpweyawo. Ogula ndi makampani kapena mayiko ofuna kuchepetsa ngongole ya utsi wawo. Kumpoto kwa Australia, eni nthaka a ku Arnhem Land akhala akulandira ndalama kuyambira mu 2006 chifukwa chobwezeretsa mwambo wawo wotentha tchire msanga, zomwe zinachepetsa moto waukali wa kumapeto kwa chilimwe. Izi zikusonyeza kuti n'zotheka pa savana, koma kumeneko anthu ndi ochepa pa malo aakulu, mosiyana ndi Ngabu kapena Bangula.

Ogula amafuna umboni wa zinthu zovuta kutsimikiza. Ayenera kukhutira kuti kusinthako sikukanachitika popanda ndalama zawo. Amafuna kudziwa ngati owotcha makala sanangosamukira kuphiri lina. Amafunanso kuti kaboniyo akhalitse, pomwe ng'amba imodzi yaikulu kapena moto umodzi wa Okutobala ukhoza kubweza m'mbuyo ntchito ya zaka zambiri. Kuyeza mitengo n'kosavuta. Kuyeza kaboni wa m'nthaka kumafuna kukumba malo ambiri, ndipo kusintha kwake kumaoneka patapita zaka zingapo. Oyikira kumbuyo malondawa amati akhoza kulipira ntchito yosamalira tchire yomwe panopa palibe woilipira. Okayikira amati amapatsa oipitsa mpweya mpata wopitiriza, ndipo ndalama zambiri zimathera kwa amkhalapakati ndi oyeza.

Kwa mudzi umene alendo abwera ndi mapepala, mafunso ake ndi apafupi. Mapangano otere amatenga zaka 20, 30 kapena kuposa, choncho amamanga ndi ana omwe. Malo ambiri kuno ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu pansi pa lamulo la malo la 2016, ndipo m'pofunika kudziwa amene akusayina ndi amene adzalandire. M'pofunika kufunsa mitengo yake ndi yanji, idzatalikirana bwanji, ndipo ili pafupi bwanji ndi zitsime. Ngati moto wochokera kwa oyandikana nawo udzawerengedwa ngati mlandu wa mudzi. Ngati amayi adzaloledwabe kutola nkhuni ndi kumweta udzu wofolera. Ndiponso kumene ng'ombe zochotsedwa pamalo otetezedwawo zidzadyere mu Okutobala.